Wokwera Amene Sanatsike

Ku Kandeu kuli amakaniko ena okalamba amene mafuta a galimoto amawaumira ngati magazi awo. Chigalimoto chawo chakale, chija chokwera mapiri ndi matayala onse anayi, anachichotsa chilichonse cholemera: mipando yakumbuyo, zitsulo zapadenga, ngakhale bampala. Pamtsetse amazimitsa injini. Geji inafa kalekale, ndiye mafuta amayeza ndi kamtengo kokhala ndi mizere.

"Galimoto sinama," amatero. "Imamwa molingana ndi amene yanyamula."

Anthu amawalemba ganyu yonyamula maliro. N'chifukwa chake akatula maliro kumidzi, amatsegulanso chitseko chakumbuyo, n'kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Mwafika, tsikani."

Tsiku lina atatula bokosi kumanda kufupi ndi Champiti, mayi Tawina, oyandikana nawo nyumba amene anawaperekeza pa ulendowo, anawafulumizitsa poopa mvula, ndipo mawu aja anaiwalika. Pobwerera, masanasana, galimoto inayamba kubuula pa kamtunda kachabechabe, kumbuyo kutatsika ngati yasenza matumba. Mkuluyo anaima n'kupisa kamtengo m'thanki. Mafuta anali atatsika mizere iwiri m'malo mwa umodzi.

"Mwinatu thanki ikudontha," anatero mayi Tawina.

Amakaniko anasuzumira pansi. Panali pouma gwa.

"Mayi, musacheuke," anatero chapansipansi. "Tikubwerera."

Munthu woumira dontho uja anawotcha mafuta mpaka kumanda. Anatsegula chitseko, chipewa chili kumanja.

"Pepani bambo, ndinachita changu. Mwafika, tsikani."

Masipuling'i analira, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunadzuka pang'onopang'ono, mayi Tawina akuona ndi maso awo.