Mpiru wa Nsanza Zofiira

Ku Mlolo kuli bambo ena amene ankadula nzimbe ku esiteti mpaka msana unakana. Masiku ano mtima wawo wonse uli padimba la kuseri kwa nyumba. Madzi osefukira akangophwa, kuzizira n'kuyamba, amafesa mpiru ndi repu m'matope amene madziwo asiya. Salola munthu kuzula ndiwo. Amati muzithyola masamba am'munsi okha kuti tsinde liphukenso. Mpiru wonenepa kuposa wonse amaumanga kansanza kofiira, ndipo umenewo ngakhale mkazi wawo saukhudza. "Uwu ndi wa chaka chamawa," amatero, poti ndi umene amausiya kuti ubale njere.

Chimene chimawasowetsa mtendere ndi mbuzi za a Frazer, oyandikana nawo nyumba. Nkhani ya mbuzizo inakula mpaka awiriwa analeka kupatsana moni.

Mu Julayi wathayu mkazi wa a Frazer anamwalira, ndipo pamaliro ndiwo zinachepa. Bambo a dimba aja anaitana amayi ophika n'kuwatsegulira dimba. Amayiwo anathyola ponseponse, koma mpiru wa nsanza zofiira anaulambalala. Eni dimba atawona zimenezo, anatenga chikwanje chawo chakale chodulira nzimbe n'kuugwetsa okha.

"Nanga mbewu?" anafunsa mkazi wawo.

"Mbewu ndikapempha. Anthu ali pamalirowa ndiwauze kuti adikire chaka chamawa?"

Maliro atatha, a Frazer anabwera kudzathokoza. Eni dimba aja anawagwira dzanja kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Pepani kwambiri, achimwene. Koma mbuzi zija muzimanga."