A Goodson Namakhula ndi Njinga Zopanda Phokoso

Mukafika pa kamsika kathu, pomwe msewu wafumbi wochokera kwa Nchilamwela umakhotera m'minda ya tiyi, mupeza mkulu wina pansi pa mtengo wa bulugamu, beseni la madzi lili pakati pa miyendo, akufufuza pomwe chubu chabooka. Amenewo ndi a Goodson Namakhula. Ndawadziwa kuyambira tili anyamata. Ine ndinapitiriza sukulu mpaka kukhala mphunzitsi wamkulu, iwo anapita kukathyola tiyi. Abusa athu akuti nkhani iyi ndiisiye poti mwini wake saiyankhula. N'chifukwa chake ndikuilemba. Munthu akakhala chete sindiye kuti sanalakwiridwe.

A Goodson anabadwira m'malayini a pa esiteti, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, n'kupeza nthaka yabwino yonse ili kale ndi eni ake ovala nsapato. Anathyola tiyi agogo, anathyola bambo, anathyola iwo. Chimene chinawalanditsa ku dengu ndi njinga. Kapitawo wina anaona kuti mnyamatayu sachedwa akatumidwa, ndiye anawapatsa umesenjala woyenda pakati pa fakitale ndi minda yakutali. Pa njinga ya kampaniyo anaphunzira dera lino lonse: kanjira kalikonse kodula m'tiyi, mlatho umene umamira mvula ikagwa, chitunda chimene ngakhale mnyamata wamphamvu amatsika n'kukankha.

Imvi zitangoyamba, esiteti inawachotsa ntchito monga imachitira, osawasiyira ngakhale belu la njingayo. Anagula yakale ku Bvumbwe n'kuyamba kabaza. Ananyamula nthochi masiku amene Thyolo anali ndi nthochi. Ananyamula amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala ku Makwasa. Ananyamula ine ndemwe nditathyoka mwendo, akundinyoza njira yonse kuti munthu wa mabuku amalemera ngati thumba la chinangwa chachiwisi.

Anakwatira a Eneless n'kukakhala kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo wathu. Kenaka Idah, mchemwali wa a Goodson, anamwalira, kusiya kamwana kotchedwa Joel. A Goodson, poti ndi amalume, anakatenga n'kubwera nako. Abale a Eneless sanakondwe. Ankati mkamwini amabwera yekha, osati ndi mtundu wake. A Eneless anawayankha kamodzi kokha.

"Mwana akamalira sindimufunsa kuti ndiwe wa mbumba ya yani."

Anamusambitsa, anamubereka, anagona naye kuchipatala atadwala chikuku. Joel anakula akuwatchula kuti amayi. M'mawa uliwonse a Goodson ankamubweretsa kusukulu kwanga pa kaliyala asanapite kukasaka makasitomala. Mnyamatayo anali wanzeru, zimenezo sindikana. Chingerezi anachigwira msanga kuposa anzake onse.

Mawondo ndi amene anathetsa kabaza wa a Goodson. Njinga zamoto zinangomalizitsa. Anyamata osadziwa ngakhale moni anadzaza misewu ndi utsi, ndipo mkulu uja anatsala ndi beseni ndi machubu.

Chaka cha dzana kunabwera mayi wina wa ku Blantyre, a Lisa, amene anachita lendi nyumba yakale ya manijala pa esiteti ina n'kuisandutsa malo ogona alendo. Anabwera ndi njinga zamagetsi, kuti alendo aziyendera m'tiyi mpaka kuphiri. Anafunsa kuti amene amadziwa njira ndani, ndipo aliyense anatchula dzina limodzi. Ndinalipo tsiku limene anabweretsa njinga imodzi pamsika.

"Injini yake ili pati?" anafunsa a Goodson, akuizungulira.

"Mulibe injini, agogo. Muli batire. Inu muzingopalasa pang'ono, zina ichita yokha."

"Ndiye kuti ndi njinga ya alesi."

"Taiyesani kaye, mukainyoze mutabwera."

Anakwera mwamantha, n'kulunjika chitunda cha kumpoto kwa msika chimene anali atasiya kalekale kuchiyang'ana. Tinawaona akukwera osadzuka pachishalo, mpaka anazimiririka kuseri. Atabwerera anali kuseka ngati mwana, misozi ili m'masaya.

"Aphunzitsi! Mawondo anga apezeka! Anali m'kabokosi aka nthawi yonseyi!"

Njira zonse zimene alendo aja amayendamo lero anazisankha ndi a Goodson. A Lisa anawauza pamaso panga kuti wotsogolera akhala iwowo. Koma poti Chingerezi cha a Goodson chinali cha moni ndi zikomo, anapempha kuti muphwa wawo Joel, amene ankangokhala pakhomo chimalizire Fomu 4, aziwatanthauzira. Anachita kumupemphera okha ntchitoyo.

Joel sanachedwe kuwonjeza zake. Anayamba kuuza alendo kuti phiri lathuli linkalavula moto kalekale, kuti dothi lofiirali ndi phulusa lake, ndiponso kuti akuyenda m'malo otetezedwa ngati kumene kumakhala njovu. Malo otetezedwa! Phiri limene mitengo yake inathera m'makala, lomwe lero ndi nandolo yekhayekha mpaka pamwamba. Ndinakumana naye ndi kumufunsa.

"Iwe, za moto wa m'phirizi unaziphunzira m'kalasi ya yani?"

"Aphunzitsi, mlendo sangachokere ku Ulaya kudzaona nandolo," anatero akumwetulira.

Bodza limenelo ndikanamukhululukira. Phiri silimva.

Vuto linabwera ndi masamba. Kwathu kuno pakagwa maliro timayala nthambi zaziwisi pamsewu, mbali ino ndi mbali inayo ya pakhomo pa siwa. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kukankha mpaka adutse nthambi zachiwiri. A Goodson sanaone chifukwa choti njinga ya batire isiyane ndi inzake. Akaona masamba ankakweza dzanja, alendo onse n'kutsika, kuvula zisoti, kukankha. Njinga zimenezi n'zolemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo dzinja kuno maliro sasowa. Alendo ena ankachita nazo chidwi. Ena ankayang'ana mawotchi, thukuta lili chuchuchu.

Wophika wa kunyumba ya alendo, amene ndinamuphunzitsa kale, ndiye anandiuza zimene anamva ndi makutu ake. Joel anapita kwa a Lisa n'kunena kuti mdalayo akuchedwetsa anthu, kuti zotsika panjingazi ndi zachikale zomwe achinyamata anasiya, ndipo kuti iye yekha angathe kutsogolera ndi kutanthauzira pamodzi. Sabata yotsatira a Goodson anauzidwa kuti apumule chifukwa cha msinkhu, azingobwera kudzatsuka njinga ndi kupopa matayala. Anakana mwaulemu. Anabwerera kunyumba wapansi, akutsimphina.

Ndinapita kukawauza zonse. Ndinali nditatentha, ndikufuna kuti tikaitane mnyamatayo pamaso pa abale.

"Aphunzitsi, musandiputire mwana," anatero. "Ndi wanga uja. Akakwera iye, ndakwera ndine."

"Nanga zoti akumaponda masamba? Anthu a kutsidya akudandaula."

"Bodza. Masamba ndinamuphunzitsa asanadziwe kuwerenga. Ankalumpha yekha pa kaliyala ndisanagwire buleki. Amatsika ameneyo."

"Anthu onsewa akunama?"

"Anthu amachita nsanje ndi mwana wovala yunifolomu. Ine ndikadzaona ndi maso angawa, mudzabwere tidzakambirane."

Ntchito inali itapita, njinga inali itapita, mawondo anali atabwerera m'kabokosi mwawo. Chimene chinawatsalira a Goodson chinali chimodzi: kuti analera munthu. Anachigwiritsa ndi manja awiri, ndipo aliyense wobwera ndi nkhani ya Joel ankabwerera nayo.

A Eneless anadwala mvula ili pakati. Sanakhalitse. Mwamuna amene ananyamula odwala a mudzi wonse anachita kupempha mnyamata wa njinga yamoto kuti apite nawo kuchipatala, ndipo anabwerako ali m'bokosi.

Joel anafika m'mamawa wa tsiku loika maliro. Analira, ndipo ndikhulupirira kuti misoziyo inali yeniyeni. Kenaka anagwada pafupi ndi amalume ake n'kunena kuti kuli alendo ochokera kutali amene sangawasiye, koma awazungulitsira njira ya kudamu, ndipo afika mwambo usanathe. A Goodson anamusisita paphewa.

"Pita, mwana wanga. Amayi ako akudikira."

Muyenera kudziwa kuti kanjira kodutsa pakhomo pa a Goodson ndi kachidule kopita kuphiri, kamene iwo eni anakasonyeza. Njira ya kudamu ndi yaitali, ndipo tsikulo inali matope okhaokha chifukwa mvula inali itagwa sabata yonse.

Dzuwa litakwera, amayi a mvano anali kuimba panja, adzukulu atabwera kudzanena kuti kumanda zatheka. Njinga yamoto ikanamveka ili kutali, ndipo wina akanathamanga kukaibweza. Zamagetsi zija sizimveka. Tinangoona zisoti zonyezimira zikutuluka m'tiyi, mzere wautali, Joel ali patsogolo. Nyimbo inayamba kuzilala. A Goodson anadzuka pamphasa, n'kutsimphina mpaka m'mphepete mwa njira, pafupi ndi nthambi. Sanakweze dzanja. Anangoima, mutu uli m'mwamba, nkhope ili phee, ngati munthu amene akufuna kuti mudzi wonse uone chimene wakhala akunena.

Joel anagwira buleki. Anatsitsa phazi limodzi pansi. Ndinaona ndi maso anga, ndipo n'chifukwa chake sindimva za anthu amene akuti mwina sanazindikire. Anayang'ana masamba, anayang'ana amalume ake. Mlendo wa pambuyo pake, bambo wandevu zofiira, anafunsa kuti kukuchitika chiyani. Pa anthu onse amene tinali pafupi, Chingerezi ndinkachimva ndine. Joel anayankha kuti ndi kwaya ya kutchalitchi ikuyeserera nyimbo.

Anabweza phazi pa pedulo.

Anadutsa onse, mmodzimmodzi, matayala akuswa nthambi zija. Ankatibayibitsa mokondwa, poti anauzidwa kuti ndi kwaya. Mayi wina anatulutsa foni n'kumajambula amayi olira. Wina anaomba m'manja, dzanja lina atasiya chiwongolero. Alendowo sindiwada. Munthu amayenda mmene wamutsogolera mwini dera.

A Goodson anawerama movutikira, mawondo akulira, n'kuyamba kutola nthambi zophwanyikazo, kuziyalanso bwinobwino mopingasa njira. Ndinapita kuti ndiwathandize.

"Anati chiyani kwa mzungu uja?" anandifunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

Ndinawauza. Ena akuti ndikanabisa. Ine sindinaphunzitsidwe kubisira mbala.

Joel anafika kumanda adzukulu akumaliza kuunda mtumbira, atasintha malaya, atanyamula shuga wa chipepeso. Palibe anamuthamangitsa.

Tsiku lometa, abale tinasonkhana kuseri kwa nyumba. Wometa anali a Abrahamu, mlongo wa malemu. Anayamba ndi a Goodson, kenaka ana aakazi a malemu ndi zidzukulu. Joel anali pamzere wa ana, monga anakhalira moyo wake wonse pakhomopo. Itafika nthawi yake anakhala pa kampando, a Abrahamu n'kumunyowetsa mutu.

"Alamu, taimani," anatero a Goodson.

Lumo linaima m'malere.

"Uyu tsitsi lake lisiyeni. Sanaferedwe."

"Amalume," anatero Joel, "kudamu kunali kosadutsika. Ndikanawauza kuti ndi maliro akanadandaula kwa abwana kuti ndawaonongera ulendo. Akanandichotsa ntchito."

"Eya, bambo, ntchito ndi yosowa masiku ano. Tikudziwa."

"Ndi amayi anga aja, amalume!"

"Amayi anu sindikuwadziwa. Ife tinaika a Eneless." Anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu. "Teleza, tenga mpando wabwino uja uwaikire alendowa pakhonde. Uwapatse tiyi, achokera kutali."

A Abrahamu anayesa kunena kuti mwana akalakwa amakalipiridwa, satayidwa. A Goodson sanakweze mawu. Anangoti mutu wotsatira ubwere, dzuwa likukwera.

Joel anakakhala pakhonde, pa mpando wa alendo, madzi akutsikira m'khosi kuchokera m'tsitsi lake lonyowa. Tiyi anamupatsa, wa mkaka, m'kapu yabwino. Mitu yometedwa inkadutsa pamaso pake kupita kuchitsime ndi kubwerako, aliyense akumupatsa moni waulemu. Anakhala mpaka tiyi anazizira. Kenaka anadzuka, anatsanzika, ndipo tonse tinamuyankha kuti ayende bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka kukamuperekeza.