Njira Imene a Zuze Anathawira

Sabata yonseyi miyendo yakhala ikundiyabwa, ndipo mtima sukukhazikika. Ku ntchito ndikuyenda uku ndi uku m'khonde la chipatala ngati nkhuku yofuna poikira.

Amene mumawerenga tsambali mukudziwa kuti Lachisanu, tsiku limene Doha amapuma, ine sindipezeka m'fulati mwathu ku Rawdat Al Khail. Ndimakweza njinga pagalimoto n'kutuluka mumzinda. Njinga yake ndi ija ya matayala okhuthala, yoyendera misewu yafumbi ndi yamiyala. Vuto ndi limodzi: dziko lino ndi lathyathyathya ngati tebulo. Munthu wobadwira ku Tsangano, amene anakula akukankha njinga pamtunda n'kutsetsereka akupemphera, kuno amapalasa mpaka dzuwa kumuwawula osaona chitunda choti achitukwane.

Lachisanu lapitali ndinapita ku Zekreet, kumadzulo kwa dzikoli, komwe kuli timiyala toyera timene eni ake amatilemekeza ndi dzina loti mapiri. Ndinali ndi Mabvuto, mnzanga wa ku Chipata amene ndi akauntanti pahotela ina ku The Pearl. Titakhala pamthunzi wa thanthwe kuti timwe madzi, iye anatulutsa foni n'kundionetsa kanema.

Anali mapiri enieni, obiriwira, kumalire a Italiya ndi Slovenia. Misewu yamiyala yoyera inkakwera mokhotakhota ngati njoka, anthu atandandalikana panjinga. M'mbali munali maenje aatali amene asilikali ankabisalamo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mizinga ya dzimbiri, ndiponso manda osesedwa bwino, mwala uliwonse uli ndi dzina.

Mabvuto anati tchuthi chathu cha Julaye tisachiwononge, tibukitse matikiti tipite kumeneko. Anandifotokozera kuti misewuyo ndi yokoma chifukwa anaisema ndi asilikali pofuna kukokera mizinga pamwamba, ndiye imakwera pang'onopang'ono, mosathyola mawondo.

"Nkhondo inatisiyira ma-route abwino, mudala," anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinanyamuka, n'kukwera njinga, n'kupalasa mwaukali mpaka tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga. Mabvuto anandipeza ndikukutumula nsapato, ndipo anafunsa chimene walakwa.

Ndinamuuza. Lekani nanunso ndikuuzeni.

Kwathu msewu ndiwo malire. Mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Ndili mwana, nkhondo inkamenyedwa tsidya linalo, ndipo mfuti tinkazimva tikupalira mbatatesi. Anthu ankatsika m'mapiri ali ndi mitolo pamutu. Mmodzi mwa iwo anali a Zuze, amene anafika pakhomo pathu akukankha njinga ya matayala opakira udzu, kamtsikana kawo, Rozina, katakhala pakaliyala. Bambo anga anawapatsa malo kuseri kwa munda kuti amange kanyumba.

A Zuzewo ndi amene anandiphunzitsa kupalasa. Chishalo sindinkachifika, ndiye ndinkalowetsa mwendo kunsi kwa chitsulo, iwo atagwira kumbuyo akuthamanga. Tonse pamudzi tinkadziwa kuti kwawo ananyamuka anayi, iwo, akazi awo ndi ana awiri, koma anafika awiri. Palibe ankafunsa. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, ife n'kupitiriza kulima.

Choncho munthu akandiuza kuti nkhondo inasiya njira zokoma, ine ndimaona udzu uja ukutuluka m'tayala.

Mabvuto anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anapepesa, koma sanagonje. Anati anthu a m'mapiri a ku Ulaya amenewo amafuna alendo, ndipo wopalasa akaima pamanda n'kuwerenga dzina, womwalirayo wapeza womuzonda. Kenako anandifunsa funso limene landitsatira mpaka lero.

"Nanga iwe, mapiri a kwanuwo unawapalasa liti? Ukafika pa livu umayenda pa chiyani?"

Yankho mukulidziwa, chifukwa ndi lanunso. Tikatera ku Lilongwe timabwereka galimoto, n'kutseka mawindo kuopa fumbi. Kodi munthu wochokera ku Qatar angafike pamudzi ali panjinga? Mawa lake nkhani ingamveke mpaka ku Lizulu kuti anamuchotsa ntchito. Kuno njinga ndi ya mabwana, timaivalira chipewa ndi kabudula wothina. Kwathu njinga ndi ya wakabaza ndi wogulitsa makala. Chitsulo n'chimodzimodzi, koma ulemu wake umasintha ndi ndege.

Komatu galimoto imanamiza. Imakudutsitsa pachitunda osachimva. Mabwinja a masitolo aja ali m'mbali mwa msewu tsidya la Mozambique, makoma ake obookabooka ndi zipolopolo, ndawadutsa kosawerengeka wailesi ikulira. Njinga silola zimenezo. Chitunda chilichonse umachilipira ndi mpweya wako, ndipo ukatopa umatsika, n'kuona pamene waima.

Ndiye kodi n'kulakwa kukasangalala pamalo pamene anthu anafera? Loweruka ndinkati n'kulakwa. Lamlungu ndinkati ayi, pakuti ngakhale munda wa mbatatesi umene ukudyetsa ana lero, mwina pansi pake pagona munthu. Moyo sungazungulire manda onse. Chimene chikundivuta kwenikweni n'chakuti anzathu a ku Ulaya aja akufa awo anawalemba pamiyala, ndipo ife ndife okonzeka kuuluka kukawawerenga. Azigogo athu amene anasenza katundu wa asilikali pa nkhondo yomweyo ya dziko lonse, kulowera ku Karonga ndi kupitirira, anagwera pati? Nanga mwa amene anathawa m'mapiri oyang'anizana ndi khomo lathu, amene sanafike anatsala pati?

Lolemba ndinalephera kupirira. Ndinaimbira mlongo wanga Esnati, amene akadali kumudzi, n'kumufunsa ngati a Zuze ali moyo. Anandiseka kuti ndayamba liti kufunsa za nkhalamba. Anati ali moyo ndithu, tsiku lamsika amaoloka msewu kudzagula mchere ndi sopo. Njinga akadali nayo, koma sakweranso. Amangoikankha, yasanduka ndodo.

Tsiku lamsika litafika Esnati anawasaka n'kuwapatsa foni. Ine ndinali pa nthawi yopuma, nditaima pakona ya khonde. Poyamba sanandizindikire, mpaka ndinatchula dzina la bambo anga. Anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati dziko limene ndililo kumagwa mvula, ndipo nditati kawirikawiri ayi, anandimvera chisoni kwambiri. Anafunsanso ngati ndinaphunzira kugwira buleki, popeza kale ndinkaimitsa njinga ndi mpanda wa khola la nkhumba.

Kenako ndinawafunsa ngati njira imene anadzera pothawa ikadalipo, komanso ngati njinga ingadutsemo.

 Anandiyankha pakati pa phokoso la msika.

"Njirayo ilipo, mwanawe. Amadutsamo a mbatatesi tsiku ndi tsiku," anatero. "Pali chitunda china chili ndi mtengo wa mkuyu. Mayi ake a Rozina ndi mnyamata wanga ndinawasiya pamenepo. Sindinaike mtanda, kunalibe nthawi. Rozina anali wamng'ono, sakumbuka, ndipo anakwatiwa kutali. Amene akudziwa malowo ndine ndekha."

Ndinawafunsa ngati angandilole kuti ndidzapite nawo.

"Ubwere maso anga akadaona. Iwe udzapalase, ine ndidzakankha."

Foni itaduka ndinabwerera kukayeza odwala, koma mutu unali pachitunda chimene sindinachionepo. Zaka zonsezi anthu onyamula matumba akhala akupuma pamthunzi wa mkuyu umenewo, kupukuta thukuta, kudya nzimbe, osadziwa kuti akhalira mayi ndi mwana. Sindikuwaimba mlandu. Akanadziwa bwanji, poti wodziwayo palibe anamufunsa?

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Mwina n'zoona kwa madzi. Ife anthu timaiwala, makamaka tikazolowera ndege.

Ndamuuza Mabvuto kuti khalasi, basi m'chinenero cha kuno, za ku Ulaya zidikire, Julaye uno ndikulongedza njinga m'katoni kupita nayo kwathu. Anthu anene zimene anganene. Iye anayamba kudandaula, kenako anafunsa ngati kumeneko kuli zitunda zenizeni. Ndinamuuza kuti zilipo zoti adzaitana amayi ake, komanso kuti adzatenge juzi chifukwa chisanu cha ku Tsangano sichiona pasipoti. Wati inshala, Mulungu akalola, aganizira. Ndamuchenjeza kuti akabwera adziwe kuti wotitsogolera ndi nkhalamba yoyenda pansi, ndipo pamene iyo idzaime, ifenso tidzatsika.

Julaye ali patali, ndipo n'chimene chikundisowetsa mtendere. Kontirakiti siilola munthu kungonyamuka chifukwa mtima walamula. Kutentha kwayamba kubwerera, posachedwa tidzakhala tikupalasa m'nyumba, njinga itamangidwa pachitsulo, tikuyang'ana khoma. Ine ndidzakhala ndikuwerengera masabata, a Zuze akuwerengera maso awo, ndipo sindikudziwa kuti chidzayambe kutha n'chiti.

Inu amene mukuwerenga, kaya muli ku Doha kuno, ku Joni kapena ku Blantyre komweko, kwanu kulinso chitunda chotere. Alipo munthu mmodzi amene akudziwa amene anagona pamenepo. Munthuyo ali ndi zaka zingati, ndipo mukudikira chiyani kuti mumufunse?