Malata Osakhoma a Gaspar

Pa kamsika kena kupitirira pa Katuli, kumene msewu umatopa n'kusanduka njira ya njinga, panali nyumba imene mlendo aliyense ankaima kuti aionetsetse. Kukongola ayi, musanamizidwe. Nkhani inali padenga. Pamwamba pa malata panali njerwa, miyala, tayala la lole, mtondo wosweka, ndi chitsulo cha pulawo chimene mwini wake anachifuna chaka chonse osayang'ana kumwamba. Msomali wokha ndiwo panalibe.

Eni nyumbayo anali a Gaspar. Anabwera kuno pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ali kamnyamata ka ndevu zowerengeka, atasenza mphasa, kumbuyo kuli mkazi wawo Rosalina ndi mbuzi imene inafera pamalire penipeni, mwina poti inalibe pasipoti. Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga othawa kwawo. A Gaspar anati, "Tikolole kaye chimanga." Atakolola anati, "Mwanayu ayambe wayenda." Mwana anayenda, anathamanga, anakakwatiwa ku Makanjira, bambo ake akadali pa "chaka cha mawa tikupita."

Chaka chimene nandolo anayenda malonda, a Gaspar anagula malata. Kalipentala atangotulutsa hamala, iwo anamugwira dzanja.

"Osaboola! Awa ndi opita nawo kwathu. Lata lobooka likadontha kumeneko."

Sikuti nzeruyo inali yawo okha. Ambiri amene anathawa nkhondo ankafolera choncho, kutsindira malata ndi miyala kuti tsiku lobwerera angotsitsa n'kusenza. Koma anzawo onse, ena anapita, ena anatopa n'kukhoma. Anatsala a Gaspar, chilimwe chilichonse kukwera padenga, kutsitsa malata, kuwapukuta ngati mbale za alendo, n'kuwabwezera.

Mayi Rosalina analankhula mpaka malovu kuuma. "Bambo, ine mano anandithera kuno. Kwanuko kuli ndani amene akutidikira? Mitengo?" A Gaspar ankangoyankha ndi chifuwa. Ankadziwa bwinobwino kuti kumudzi kwawo kunamera tchire, koma munthu ukanena chinthu kwa zaka zambirimbiri, kusiya kumachititsa manyazi kuposa kunama.

Kutsidya kwa msewu kunali tirumu ya che Omari, nkhalamba yachisilamu yonenepa masaya, imene inkayamba tsiku ndi pemphero la swala kenako a Gaspar.

"Alendo athu, mwagona bwanji? Katundu mwamanga?"

"Che Omari, akundichedwetsa ndi tiyi wanuyu. Ndikufuna ndidzaone tsiku limene masamba adzakhale atsopano."

"Khomani denga, achimwene. Tsiku lina mtondo uwo udzatsikira pamutu pa shehe, mudzalowa Chisilamu mosafuna."

Amuna awiriwa anakalamba akunyozana choncho, wina mbali iyi ya msewu, wina mbali iyo.

Tsiku lake linali la mu Novembala, masana, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anthu anali atatopa ndi kudikira mvula. Mtambo utada chakum'mawa, amayi anayamba kuanula ufa akumwetulira. Kenako mtambowo unatsitsa chinthu chakuda, chachitali ngati munsi, n'kuyamba kusinja minda kulunjika pamsika. Kavuluvulu timamudziwa, ana amamuthamangitsa akuseka. Uyu anali agogo ake a kavuluvulu. Kulira kwake ngati malole ambiri akukwera phiri nthawi imodzi.

A Gaspar anakokera mkazi wawo pansi pa bedi. Anamva miyala ikugudubuzika pamwamba, kenako m'nyumba munawala. Atasuzumira, anaona thambo. Malata anali atanyamuka onse pamodzi, ulendo uja anaulonjeza kalekale, eni ake n'kuwasiya.

Sizinatenge nthawi yophika tiyi. Mphepo itadutsa, msika unali ngati pamene padyera nkhumba. Mtengo wa mango unagona pa chigayo. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anapezeka pansi pa khoma la golosale, mwana kumsana, onse atapita. Ndipo pakhomo pa tirumu panagona che Omari. Anali atatuluka kuti akalowetse njinga yawo, lata louluka n'kuwapeza pakhosi.

Madenga ambiri anasasuka tsiku limenelo, okhoma omwe. Koma mphepo siimangidwa, ndiye anthu amafuna woti amuloze chala. Lata limene linali pambali pa che Omari analitembenuza uku ndi uku. Bowo la msomali panalibe ndi limodzi lomwe. Sipanafunike wapolisi kuti anene kuti ndi la yani.

Yunus, mwana wa malemu che Omari, amene ankaperekera zakudya pa loji ina ku Nkopola, anafika m'mawa mwake pa njinga yamoto, maso ali psuu. Kumanda a Gaspar anapita, poti maliro a mnzako sufunsa tchalitchi. Anatambasula dzanja kuti alandire khasu athandize kukwirira. Khasu linawadumpha n'kupita kwa wina. Kumbuyo kwawo mawu anamveka, osati onong'ona ayi: "Si paja amati akupita kwawo? Njira ndi iyo, apite."

Pamenepo mpamene a Gaspar anadzifunsa mumtima. Kwawo kuti? Munda uli kuno. Ana awo awiri amene anamwalira ali aang'ono agona kuno, kuseri kwa tchalitchi. Munthu amene anakhala moyo wonse akutsanzika anayamba kuopa chinthu chimodzi chokha, kuti amuperekezadi.

Masiku otsatira anayenda m'minda ndi m'tchire kutola malata awo. Lina analipeza m'dambo, lina litakulunga mtengo wa nthochi ngati chitenje. Ankabwera nalo limodzilimodzi pamutu, msana ukulira, n'kumaliwongola ndi mwala. Palibe amene anawapatsa moni. Mayi Rosalina ankangoyang'ana, mphamvu yonena kuti "ndinkanena ine" inali itawathera.

Tsono nyumba ya che Omari nayo inalibe denga, malata ake anapita kosadziwika. Ndipo mayi Sakina, mkazi wa malemu, anali atalowa eda, miyezi ija imene mkazi wachisilamu amakhala m'nyumba mwamuna akamwalira. Anakhala m'zipupa zinayi pansi pa kapepala ka pulasitiki, mitambo ikusonkhananso, ulendo uno ya mvula yeniyeni.

M'mawa wina a Gaspar anamanga malata aja pa wilibala yobwereka, anagula misomali, n'kuwoloka msewu. Pamsika ntchito inaima. Ngakhale telala anasiya kupalasa makina.

Yunus anawatsekera njira. "Mukufuna chiyani pano, madala? Mwabwera kudzamaliza otsala?"

"Mwanawe, mvula ikubwera. Mayi ako ali pamtetete."

"Ndiye tifolere ndi mipeni yanuyi? Tengani, muzipita nayo kwanu."

A Gaspar anayang'ana wilibala, anayang'ana mapazi awo. "Kwathu kulibe, Yunus. Ndi kuno. Ndabwera ndi misomali."

Anatsegula kathumba kuti aone. Mnyamatayo sanayang'anemo. Anakhala choncho onse awiri, mmodzi wotopa ndi ukalamba, wina wotopa ndi kulira, mpaka m'nyumba munamveka mawu a mayi Sakina, osasa ngati a munthu amene sanagone kuyambira tsiku la maliro.

"Yunus, ndi a Gaspar amenewo?"

"Ndi iwowo, mayi. Ndikuwabweza."

"Asiye akhome. Bambo ako anawauza mpaka mawu kutha, mwina lero amva." Kenako anawonjezera kuti, "Koma lata lija lisafike pano."

"Lija ndinalikwirira, mayi," anatero a Gaspar.

Anatsamiritsa makwerero pakhoma n'kuyamba kukwera. Makwerero anagwedezeka, poti nawonso anali nkhalamba. Yunus anatukwana chapansipansi, kenako anawagwira ndi manja awiri, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Ukalipentala wa a Gaspar, abale, tisaukambe. Msomali woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa pambali pa phaso n'kusiya bowo loti mvula izidzalonjera. Wachitatu hamala inasankha chala. Koma anakhoma, gho, gho, gho, dzuwa likuwawotcha pa dazi, thukuta likudontha pa malata aja amene ankawapukuta chaka ndi chaka. Kutsidya kwa msewu mayi Rosalina ankadutsa ndi mtolo wa udzu pamutu, wofolera nyumba yawo, osatembenuka n'komwe.

Dzuwa litapendeka manja anakana. Anatsika mochedwa ngati bilimankhwe, n'kukhala pansi penipeni, miyendo tambalale, chala m'kamwa. Anthu a pamsika anali atabwerera ku ntchito zawo, aliyense ndi chake chogumuka.

Yunus anatola hamala, anayang'ana denga, anapukusa mutu.

"Mwakhoma mokhota, madala."

"Ndi koyamba."

"Mbali ya kukhitchini yatsala. Mawa mulawire, mvula isanatipeze. Ndipo mubwere ndi misomali ina, iyi mwaithera kupinda."

A Gaspar anavomera ndi mutu. Anafuna kudzuka, mawondo anati dikirani kaye, ndiye anadikira.