Nyali Imene Azakhali Ankaigoneka pa Kabati

Ndikukumbukira madzulo amene ndinayamba kuona nyali yopanda moto. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nkhondo itatithamangitsa kumudzi kwathu kufupi ndi Ntengo-Wambalame. Bambo anatsalira kuyang'anira ng'ombe, ine ndi amayi, amene anali oyembekezera, tinakafikira kwa azakhali anga a Marita, azamba a pachipatala ku Tsangano.

Kudenga kwa nyumba yawo kunali timachubu tiwiri toyera, tolumikizidwa ku bateriya ya lole imene inkakhala pansi pa tebulo. Azakhali atadina pakhoma, timachubuto tinaphethira, kenako ngwee! Ndinaona nyerere iliyonse pansi, ngakhale litsiro la m'zikhadabo zanga. Ndinaima kukamwa kuli yasa, mpaka azakhali anandifunsa ngati ndikufuna kumeza ntchentche.

Chisangalalo changa sichinakhalitse. Bateriyayo ankaidzaza ku jenereta ya boma, ndipo mafuta ake ankabwera ndi koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Mwezi umenewo koluna sinaoneke. Azakhali analengeza kuti kuwala kuchepe, mazenera atchingidwe ndi mabulangete kuopa maso a amfuti a m'mapiri.

Amayi anaganiza zondithandiza mwanzeru kuti nyali isazimitsidwe. Anatenga chitenje n'kukulunga machubu onse awiri, nyumba n'kusanduka yofiirira.

"Taonani mlamu, ndatsitsa," anatero monyadira.

Azakhali anaseka mpaka misozi. "Mlamu, iyi si koloboyi yoti mutsitsa chingwe mafuta n'kutsala. Mwaiphimba kumaso, koma pakamwa ikudyabe."

Anandikweza patebulo, popeza linali logwedera ndipo wopepuka ndinali ine. Anandiphunzitsa kupotoza chubu chimodzi mpaka chitatuluka. Chinali chofunda pang'ono, chopepuka ngati phesi. Anachikulunga m'chitenje chija n'kuchigoneka pa kabati. Chotsalacho ankachiyatsa pa nthawi ya chakudya basi, kenako ngakhale icho anachileka, tikumadya kusanade.

Ndinakwiya, sindibisa. Mumtima ndinkati azakhali ndi aumbombo, munthu wotani wokhala ndi dzuwa m'nyumba n'kumalibisa. Nditadandaula, anangoti, "Kuwala kumeneku kuli ndi mwini wake, Luziya. Sanafike."

Mwini wake anafika tsiku la mvumbi, dzuwa litangolowa. Nthawi yochira itakwana, amayi sakanatha kuyenda mpaka kuchipatala, kumenenso kunalibe nyali. Mwana analira, ine ndili pakhonde, koma m'nyumba simunamveke nthungululu. Chitseko chinatseguka, azakhali n'kusuzumira.

"Luziya, kwera! Ndikufuna nyali zonse ziwiri. Usayang'ane pansi."

Mwana saloledwa m'chikuta, koma tsikulo mwambo unapatuka. Ndinakwera patebulo, ndinalowetsa chubu chija n'kupotoza. Chinaphethira, n'kuzima. Chinaphethiranso, kenako nyumba yonse inayera mbee. Ndinayang'ana pansi ndithu. Ndinaona magazi ambiri, milomo ya amayi itatuwa, ndi singano yopindika m'zala za azakhali.

"Tsopano ndikuona. Tuluka."

Ndinakhala pakhonde ndikuyang'anitsitsa kamzere koyera kamene kankatulukira pansi pa chitseko. Ndinkadziwa kuti kakazima azakhali asanamalize kusoka, amayi apita. Kanayamba kufooka, kakunjenjemera, koma kanalipo mpaka ndinamva azakhali akusamba m'manja, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Pasanapite nthawi machubu onse anazima okha.

Lero ndili ndi magetsi osadalira koluna, koma kudenga kwa chipinda changa chochezera kumayaka chubu chimodzi, chinacho chili pa kabati. Ana anga amati ndine waumbombo, ndipo sinditsutsa. Ndinadzamvetsa kuti madzulo aliwonse amene tinadya mothamanga kusanade, azakhali ankasunga pang'onopang'ono kuwala kosokera amayi anga. Amayiwo alipo mpaka pano, akulima mbatatesi, ndipo akabwera kudzacheza ndimakwera pampando n'kuyatsa zonse ziwiri.