Mizere Itatu Yakumbuyo kwa Bokosi

Tsiku la Vasiti linkayenda chonchi: kuphika chinangwa, kuchapa matewera, kusiya mwana kwa ine mnansi wake, kuthamangira basi yopita mumzinda wa Suva. Akafika kosindikiza mabuku kwa bambo Narayan, kusesa tizidutswa ta mapepala, kutsuka makapu a tiyi, kukolopa chimbudzi. Akaweruka, kuluka madengu a masamba a kokonati oti akagulitse Loweruka.

Tonse awiri sukulu inatithera panjira, ine chifukwa cha mimba, iye chifukwa cha masamu. Pa mayeso anamupatsa chithunzi cha bokosi kuti apeze kukula kwake. Iye anangoona mizere yopingasana ngati ukonde, n'kutuluka osalemba kanthu.

Koma Vasiti ndi munthu wolota ali maso. M'basi ankayang'ana mathanki a madzi, madenga, zombo padoko, n'kumaziona ngati zagalasi, zikuyandama mumpweya, ngodya zakumbuyo zikuonekera. Ine ndinkangomuuza kuti azifika msanga, mwana akufuna bere.

Kuntchitoko kunali kompyuta yosanjira mabuku. Pa imeneyo chithunzi sujambula ndi dzanja. Ngodya iliyonse umailembera manambala atatu: kumanja angati, kutsogolo angati, m'mwamba angati. Kenako umalemba kuti ngodya iyi ilumikizane ndi iyo, makina n'kukoka mzere. Vasiti ankatola mapepala a manambalawo mu zinyalala, ndipo masana anzake akapita kukadya, ankayeserera. Miyezi isanu ndi inayi. Bokosi lake loyamba linatuluka ngati lapondedwa ndi lole.

Ndiye munthu amene ankasanja mabuku pa kompyutayo anapeza ntchito ku New Zealand, n'kusiya buku la masamu la sukulu za kuzilumba lili pakati. Chombo chopita kuzilumbako chinkanyamuka Lachisanu. China chinali cha mwezi wotsatira, ana atalemba kale mayeso. Bambo Narayan anamaliza okha zithunzi za m'bukulo, koma mayi Salote, mphunzitsi amene analemba bukulo, anaponya mapepalawo patebulo.

"Limeneli ndi bokosi kapena nyumba ya kangaude? Kutsogolo kwake n'kuti? Ana anga sindingawapatse zimenezi. Ntchitoyi ndikapereka kwina."

"Bwana, ndiyeseko," anatero Vasiti, tsache lili m'manja.

"Iwe? Mwana wanga, kompyuta siifuna kukolopa. Ukaithira madzi imafa."

"Musiyeni," anatero mayi Salote. "Sangawononge kuposa inu."

Vasiti anakhala pampando. Anayang'ana bokosilo kwa nthawi, ndipo manja ake anakumbuka dengu. Poluka, tsamba lina limadutsa pamwamba, lina limalowa pansi. Lolowa pansilo silinathe ayi, langobisala. Bambo Narayan anali atajambula mizere yonse khumi ndi iwiri mofanana, yooneka ndi yobisika yomwe. Vasiti anasankha itatu yakumbuyo, n'kulemba kuti ikhale yodukaduka, yopepuka.

Anadina batani. Bokosi linaimirira pagalasipo. Akuti anamva ngati angapisemo dzanja n'kuikamo mango.

Mayi Salote anasendera pafupi. "Mwanawe, zatsala zithunzi makumi anayi. Mathanki, madenga, mapaipi. Utha pofika Lachinayi?"

"Nditha, mayi, mukandipezera wosesa."

Bambo Narayan anatenga tsachelo okha, akung'ung'udza kuti fumbi limawayetsemulitsa.

Lachisanu mabuku anakwera chombo. Lero aphunzitsi amabwera ndi tizithunzi tawo tokhotakhota tojambula kuseri kwa envelopu, n'kufunsa kuti mlongo wa mabokosi uja ali kuti. Iye amati akatseka maso amaona mwana wa pachilumba china chakutali atatsegula bukulo, akutsata mzere wodukaduka ndi chala mpaka kuseri.

Inu amene mayeso anakutulutsani m'kalasi mutaweramitsa mutu, musataye mtima. Pali chimene manja anu amadziwa kale, chipezereni pogwira. Koma ine sindinama, ndikuuzani mtengo wake. Maso a Vasiti anafooka, pano amavala magalasi. Khirisimasi ziwiri sanapite kwawo ku chilumba cha Kadavu, ndipo yachiwiriyo inali yomaliza ya bambo ake. Mwana wake anayamba kuyenda pakhonde panga, ine ndikusenda koko, mayi ake ali kuntchito. Nditamuuza analira, n'kufunsa kuti anaponda kangati.

Kanayi. Ndinawerenga.