Rota ya m'thumba la jekete

Titasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, amuna anga anagwidwa ndi nthenda imodzi: mantha oti awabera galimoto. Nthawi imeneyo boma linkasamutsa maofesi pang'onopang'ono, ndipo ife anatipatsa nyumba ku Area 14 penti isanaume n'komwe. Nyumba zinali patalipatali, pakati pali tchire ndi zitsa za mitengo. Foni analonjeza kuti adzaika, koma lonjezolo linakalamba tikuliona.

Galimotoyo anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Inali yakale ndithu, koma ine ndinkawaseka kuti ndiye chisamba chawo, mwana wathu wa zaka ziwiri ndi wachiwiri. Iwo ankangoti, "Sekani, tsiku adzaibe mudzayenda wapansi."

Ku ofesi anamva kuti munthu wina anaimika galimoto pa Msika wa Lilongwe n'kukagula anyezi, pobwera anangopeza madontho a oyilo. Kaya zinali zoona kaya nkhambakamwa, kwathu zinabala tcheni. Chiwongolero ankachimanga ndi tcheni la ngolo ya ng'ombe, loko wake ngati wa pasitolo. Sizinawakwanire. Anapita kwa makaniko wina kuseri kwa msika, amene analumikiza mawaya kuti galimoto ikangogwedezeka, hutala izilira yokha mpaka munthu akazimitse pansi pa mpando.

Hutala imeneyo inandinyansa kuyambira tsiku loyamba. Mphepo ikawomba, inkalira. Galu akadzikanda pa tayala, inkalira. Mvula ya matalala ndiye musanene. Poyamba alonda ndi antchito a m'nyumba zoyandikana ankathamangira kwathu ndi zibonga, n'kupeza ine ndili chogwada ndikufufuza kaswitchi pansi pa mpando. Posakhalitsa anatopa nafe. Mayi wina wa nyumba ya kumtunda anandikoka pambali titatuluka m'tchalitchi n'kunena kuti, "Amayi, ng'ombe yanu ija muziidyetsa, ikutisokosa." Ndinaseka naye, koma manyazi anandigwira.

Kenaka makaniko yemwe uja anawaonetsa nzeru yomaliza. Mu injini muli kanthu kakuda, kakang'ono ngati chala chachikulu, kamene amati rota. Ukakachotsa, galimoto siingalire ngakhale wakubayo akhale ndi makiyi. Basi, chinasanduka chizolowezi. Akangoimika galimoto, kaya kunyumba kaya kutchalitchi, ankatsegula boneti, kuchotsa rota, kuikulunga pa kampango, n'kuponya m'thumba la jekete. Manja ankachita okha, mwini wake akukamba nkhani zina.

Tsiku lina anawatuma ku Zomba kukaperekeza katundu wa ku ofesi pa lole ya boma. Mwana anali atatentha thupi kuyambira dzulo lake. Ndinali nditamumwetsa mankhwala a malungo, ndipo m'mawawo anadyako phala pang'ono. Bambo ake anamugwira pamphumi, n'kuika makiyi patebulo.

"Akapanda kusintha muthamange naye kuchipatala," anatero. "A galimoto ndi awa, a tcheni ndi awa. Petulo ndathira."

Kuyendetsa ndinkadziwa, ndinaphunzira tili ku Zomba. Choncho mtima unali m'malo. Anavala jekete yawo yotuwa n'kumapita.

Dzuwa lili paliwombo ndinali kukhitchini, ndipo ndinamva kaphokoso kuchipinda ngati munthu akumenya mphasa. Ndinapeza mwana akuphupha, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa. Ndinamunyamula, thupi lili gwa. Ndinakuwa. Kunabwera bambo amene ankatilimira panja, munthu wachikulire wa m'mudzi wina wa kutsidya kwa Lingadzi, yemwe ankabwera wapansi m'mawa uliwonse.

"Abambo, gwirani mwanayu!"

"Mayi, musachedwe. Izi si zodikira ayi," anatero akumulandira.

Kiyi wa loko anandipulumuka kawiri. Nditangotsamira chitseko, hutala inayamba. Ndinaizimitsa, kumasula tcheni, kuliponya panja, n'kupotokola kiyi. Injini inazungulira koma osagwira. Ndinapotokolanso. Chimodzimodzi. Ndinaponda mafuta, kupemphera, kutukwana, zonse pakamodzi. Kenaka ndinadziwa. Ndinatsegula boneti n'kukanula kachivindikiro kamene ndinkawaona akutsegula. Munalibe kanthu.

Ndinathamangira kuchipinda. Ndinapisa m'majekete onse amene anali pa hang'ala, m'mathalauza, m'madirowa, mpaka pansi pa pilo. Ndinkadziwa bwino kuti jekete yotuwa ija ili pa lole, mwina yadutsa kale Dedza, koma ndinkafufuzabe ngati wamisala.

"Mayi! Wayambanso!" anaitana bambo aja.

Ndinabwerera kugalimoto n'kukanikiza hutala ndi manja onse awiri. Ndinaimba motalika, kusiya, kuimbanso. Nyumba ya kumtunda ija inali ndi galimoto, ndinkaiona ili pamthunzi. Mtsikana wantchito ankayanika zovala kumeneko. Anatembenuka, kuyang'ana kwathu, n'kupitiriza kuyanika. Mlonda wa nyumba ina anatulutsa mutu pampanda n'kuubweza. Sindinakwiyepo chotero m'moyo mwanga, koma wolakwa panalibe. Tinawaphunzitsa tokha kuti kulira kwa galimoto yathu ndi kwachabe.

"Ndithamangire kumtundako?" ndinafunsa.

"Abwana a uko amapita ndi makiyi, ndipo adona awo sayendetsa," anatero bambo aja. "Tiyeni kumsewu waukulu. Berekani mwana, ine nditsogole."

Ndinabereka mwana ndi chitenje, nsapato ndinaiwala. Kuchokera kwathu kukafika kumsewu unali mtunda ndithu, msewu wake wafumbi, wokumbakumba ndi mathirakitala. Bambo aja ankathamanga patsogolo, chipewa chili m'manja. Ine ndinkamva mwana akugwedezeka kumsana, kenaka n'kukhala zii, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene kunkandiopsa koposa. Ndinkamuitana, kumulonjeza masiwiti, kumulonjeza kuti adadi akubwera. 

Kumsewu kunadutsa galimoto yaing'ono. Tinaimika, sinaime. Inadutsa ina, woyendetsa anangotambasula dzanja kusonyeza kuti mwadzaza. Kenaka kunatulukira lole ya njerwa, yolunjika ku City Centre kumene ankamanga maofesi, osati kumene ife tinkafuna. Bambo aja analowa pakati pa msewu n'kugwada. Lole inaima fumbi lili koboo, dalaivala akukalipa.

"Madala, mukufuna kundiphetsa? Chokani apo!"

"Pepani achimwene, mwana uyu akutisiya. Chipatala basi."

Dalaivala anasuzumira kumsana kwanga. "Kapitawo akandimaliza ine lero," anatero, koma anali akutsegula kale chitseko.

Chipatala chinali ku tauni yakale, kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe. Lole yodzaza njerwa siithamanga. Inkabuula pa chitunda chilichonse, ndipo pamlatho tinapeza mzere wa malole, njinga ndi ngolo. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa kuti tili ndi matenda. Ena anapatuka, ena sanamve. Ine ndinali nditamufukata mwana pamiyendo, chala changa chili pakhosi pake, ndikumvetsera kamtsempha kamene kankagunda mofooka. Bambo aja ankanena Atate Wathu chapansipansi, akamaliza n'kuyambiranso.

Nesi amene anatilandira anali mayi wamkulu, wachangu. Anamulanda mwana m'manja mwanga n'kumugoneka, wina akubwera ndi jakisoni.

"Wayamba nthawi yanji kukomoka?"

"Masana, dzuwa lili pamutu."

Anayang'ana panja, kumene mithunzi inali itatalika kale, n'kundiyang'ana ine. "Ndiye munali kuti nthawi yonseyi, mayi? Mumakhala kuti?"

"Ku Area 14."

"Kumayadi? Kopanda ndi galimoto yomwe?"

Ndinayang'ana mapazi anga, ali mbuu ndi fumbi, chala china chikutuluka magazi. "Tilibe," ndinatero.

Anayesetsa, zimenezo sindingawanamizire. Anamubaya, kumupukuta ndi madzi ozizira, kuitana dokotala. Ine anandikhazika pabenchi pakhonde. Dzuwa lisanalowe, nesi uja anatuluka n'kukhala pambali panga, n'kundigwira dzanja. Ndinalira mpaka mawu anatha.

Uthenga unapita ku Zomba pa foni ya kuchipatala, ndipo amuna anga anafika m'mawa mwake. Anandiuza kuti rota anaipeza ali pa Ntcheu, pamene ankafuna kampango kopukutira thukuta. Anaganiza zotsika, koma anadzilimbitsa mtima kuti mwana wadya phala, achira. Ankanena akulira ngati mwana, atagwada pakhomo anthu akuona. Ndinkafuna kuwakalipira, mawu ndinali nawo ambiri, koma nditawaona choncho ndinasowa poyambira. Mpaka lero sindinawanene mawu amenewo.

Maliro tinkakaika kumudzi kwathu. Bokosi litabwera kuchokera kwa kalipentala, iwo anatsegula boneti n'kubwezera rota pamalo pake. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Kabokosiko kanakwana pampando wakumbuyo, ndipo panatsala malo oti ine ndikhalepo.